Nyumba ya thandizo la boma iyambire pamsewu, ikathere kuchimbudzi

Asibweni anga, monga timawatchulira amalume kwathu kuno ku Nkhata Bay, ali ndi nyumba yabwino kuposa yathu. Njerwa zootcha, malata osadontha, pansi pa simenti. Anawamangira anthu ena akufuna kwabwino patatha chaka chidwalireni sitiroko yomwe inawapha mwendo ndi mkono wakumanzere. Tsiku lopereka makiyi kunali nthungululu ndi zithunzi zambirimbiri. Koma kuchoka pakhonde kufika pabwalo pali masitepe asanu, ndipo chimbudzi chili kumunsi, kuseri kwa mtengo wa mango, podzera kanjira komwe madzi a mvula anakumba mpaka kusanduka ngalande. Chilowereni m'nyumbamo, asibweni amatuluka pokhapokha papezeke anyamata awiri owanyamula. Pakona ya chipinda chawo pamakhala ndowa yovundikira, ndipo amene amaitaya m'mawa uliwonse ndi mdzukulu wawo wa Sitandade 7. Uyutu ndi munthu yemwe ankachezera panyanja usiku wonse kupha usipa.

Pa tchuthi chapitachi anandiuza mawu omwe sanandichoke m'mutu: "Mphwanga, nyumbayi ndi yabwino, koma anaimanga yoti ndizikhalamo, osati ndizitulukamo."

Sindikuwadzudzula omwe anamanga. Mmisiri anatsata pulani yomwe anapatsidwa, ndipo pulaniyo ndi yomwe ija imamangidwa paliponse, kaya kuchigwa kaya paphiri, kaya mwini wake amathamanga kaya amakwawa. Palibe pepala lomwe linawakakamiza kufunsa kuti mwini nyumbayi adzalowa bwanji, nanga adzapita bwanji kukadzithandiza. Nkhani yanga lero ndi pepala limenelo, makamaka pa nyumba zomangidwa ndi ndalama za boma, chifukwa kumeneko ndiko tonse tili ndi ufulu wofunsa.

Malamulo alipo, si kuti kulibe. Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali m'chaka cha 2009. Ndime 9 ya panganolo imakamba zochotsa zopinga m'malo omwe anthu amafika, ndipo imatchula nyumba zokhalamo mwachindunji. Ndime 28 imapitirira kunena kuti anthu aulumali azifikiridwa ndi mapologalamu a boma a nyumba. Mu 2012 tinakhala ndi lamulo lathu la za ulumali, lomwe linakambapo za kufikirika kwa malo komanso za nyumba. Vuto lake linali lodziwika: mawu okoma, mano ochepa. Kenako kunabwera lamulo latsopano la 2024, lomwe linachotsa la 2012 pamodzi ndi lakalekale la 1971, n'kukhazikitsa bungwe la MACODA m'malo mwa MACOHA. Mabungwe a anthu aulumali pansi pa FEDOMA analimenyera nkhondo lamuloli kwa zaka zambiri, ndipo ayenera kuyamikiridwa.

Komabe lamulo la ku Nyumba ya Malamulo limalankhula chapatali. Limati munthu waulumali ali ndi ufulu, silinena kuti khomo likhale lotambalala masentimita angati. Mmisiri wa ku Mpamba kapena ku Chintheche sagwira ntchito ndi mawu oti ufulu, amagwira ndi tepi ndi levulo. Zomwe zimasintha zinthu ndi ndondomeko zatsatanetsatane zomwe nduna ndi akatswiri amalemba pansi pa lamulo, zija zimalowa m'pulani, m'kontirakiti ndi m'fomu ya woyendera ntchito. Pamenepo ndi pomwe ndikufuna tiike maso, chifukwa zikalembedwa mongoganizira banki, chipatala ndi ofesi ya boma, nyumba ya munthu wamba idzatsala panja. Ndipo zikalembedwa mongoganizira malo a chidikha ngati ku Area 49 ku Lilongwe, kwathu kuno zidzakhala zongowerenga.

Ena amaganiza kuti boma la Malawi silimanga nyumba za anthu, ndiye nkhaniyi ndi yakunja. Ayi ndithu. Malawi Housing Corporation yakhala ikumanga ndi kubwereketsa nyumba kuyambira 1964, ndipo aliyense wodziwa Mzuzu amazidziwa za ku Katoto. M'ulamuliro woyamba wa Peter Mutharika kunali pologalamu ya malata ndi simenti zotsika mtengo, yomwe inkafikira mabanja 80 m'dera la phungu aliyense pachaka, theka la mtengo boma likulipira, theka lili ngongole, ndipo gawo laling'ono linali la nyumba zomangira kwaulere anthu ovutikitsitsa. Boma la Lazarus Chakwera linayamba kumanga nyumba za anthu achialubino komanso nyumba za asilikali, apolisi, oyang'anira ndende ndi a zolowa ndi kutuluka. Namondwe wa Freddy atasesa m'chigawo chakummwera mu Malichi 2023, kunamangidwa nyumba za anthu omwe anatsala padzuwa. Onjezanipo nyumba za aphunzitsi ndi za azaumoyo zomwe makhonsolo amamanga ndi ndalama za chitukuko. Zonsezi ndi nyumba za msonkho wathu kapena za thandizo lobwera m'dzina lathu. A Mutharika anabwerera m'boma pachisankho cha pa 16 Seputembala 2025, ndipo pologalamu ya malata ikadzabwerera, kaya ndi dzina lomwelo kaya lina, ndi bwino idzapeze miyezo italembedwa kale.

Anthu ake si ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wamtundu wina, kutanthauza anthu oposa 1.5 miliyoni. Mwa iwowa pafupifupi theka amavutika kuona, ndipo oposa gawo limodzi mwa magawo anayi amavutika kuyenda kapena kukwera. Anthu achialubino anapezeka 134,636. Boma la Nkhata Bay linali ndi anthu oposa 280,000 nthawi imeneyo, choncho ngakhale mutawerengera mongoyerekeza, tikukamba za anthu zikwizikwi kuno kokha. Sitikuwasowa n'komwe. Sukulu ya ana osamva ya Bandawe ndi malo ophunzitsira ana osaona a St Maria Goretti zili m'boma lomwe lino. Anawa akakula adzafuna nyumba.

Tsono tiyeni tione tauni yathuyi. Amene anatsikapo pa Ilala n'kuyang'ana m'mwamba amadziwa kuti Nkhata Bay inapachikika paphiri. Malo a chidikha ndi kachigawo kakang'ono ka msika, depoti ndi doko. Kwina konseko nyumba zinasanjikizana m'matsitso, ndipo njira zake ndi mizu ya mitengo ndi miyala yomwe anthu anaisandutsa masitepe. Ngakhale njira ya ku Chikale imampumitsa munthu wamiyendo iwiri. Mvula nayo kuno imagwa yochuluka kuposa madera ambiri a dziko lino, ndipo dothi lofiira lija likanyowa limaterera ngati therere. N'chifukwa chake amisiri athu amakweza maziko, kuopa madzi. Sachita mwaumbuli, akuteteza nyumba. Koma maziko okwera amabala masitepe.

Mayankho a m'buku amati ikani rampu, kanjira kotsetsereka koyendapo njinga ya munthu waulumali. Muyezo womwe akatswiri ambiri amagwiritsa ntchito ndi woti pokwera mita imodzi, rampu italike mamita 12, ndipo kuposa pamenepo munthu sangadzikankhe yekha bwinobwino. Tiyeni tiwerengere. Khonde la asibweni linakwera pafupifupi mita imodzi mbali yakumunsi. Rampu yake ndi mamita 12, kuphatikizapo malo opumira pakati. Bwalo lawo silifika n'komwe mamita amenewo, likatha ndi phompho la nyumba ya aneba. Ndiye chimachitika n'chiyani lamulo likangoti "pakhale rampu"? Mmisiri amathira simenti pamwamba pa masitepe n'kupanga chotsetsereka chonga cha ana osewera, woyendera ntchito amachonga pafomu, ndipo munthu wa panjinga akayesa kutsika yekha amakathera kuchipatala ku Mkondezi. Marampu otere tonse tinawaonapo m'mashopu ndi m'maofesi m'dziko muno. Ena amakathera pakhoma.

Chomwe chinandidabwitsa nditaizungulira nyumba ya asibweni n'chakuti kumbuyo kwake, mbali yakumtunda, pansi pa nyumba pamangolingana ndi nthaka. Palibe sitepe ngakhale imodzi yomwe ikanafunika. Khomo likanakhala kumeneko, n'kukumba ngalande yopatutsa madzi ndi kuivundikira ndi kasilabu, munthu akanamalowa ndi kutuluka yekha ndi ndodo yake. Mtengo wake ndi matumba ochepa a simenti. Koma pulani inati khomo liyang'ane kutsogolo, ndipo kutsogolo kunali kunyanja, komwe chithunzi chimaoneka bwino. Apa ndi pomwe ndinazindikira kuti lamulo labwino lisalamule rampu. Lilamule chotsatira chake: pakhale khomo limodzi lomwe munthu angalowere popanda kukwera sitepe, ndipo mmisiri ndi mwini nyumba aone okha njira yofikira pamenepo malinga ndi malowo.

Ndipo mawu oti "nyumba" atanthauziridwe monga momwe Mmalawi amakhalira. Ku Ulaya nyumba ndi zomwe zili mkati mwa makoma anayi, chifukwa chimbudzi, bafa, khitchini ndi mpopi zonse zili momwemo. Kwathu kuno nyumba ndi bwalo lonse. Timaphika panja, timasamba panja, timadzithandiza panja, madzi timakatunga pampopi wa m'mudzi, pamjigo kapena kunyanja. Munthu akhoza kukhala ndi khomo lotambalala bwino koma n'kumakwawabe m'matope kupita kuchimbudzi chomwe chitseko chake n'chopapatiza, mkati mopanda pogwira, pomwe ayenera kunjuta ndi mwendo umodzi. Wosaona amapapasa ndi manja pansi kufunafuna dzenje. Taganizirani zimenezo m'nyengo ya kolera. Mliri womwe unayamba mu 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Nkhata Bay inali m'gulu la maboma omwe anakhudzidwa kwambiri, makamaka m'mbali mwa nyanja ngati ku Tukombo. Tinkauzidwa kuti khomo lililonse likhale ndi chimbudzi. Palibe amene ankafunsa ngati aliyense wapakhomopo angathe kulowamo.

Zofunika pachimbudzi chotere si zodula. Chikhale pafupi komanso pamtunda wofanana ndi khomo, kanjira kake kakhale kosalala ndi kolimba, chitseko chitsegukire kunja ndipo chikhale cha masentimita 90, mkati mukhale malo otembenukira, pokhala pake pakhale pokwera pomangidwa ndi njerwa ndi simenti, pakhoma pakhale chitsulo kapena mtengo wogwira. Kwa wosaona, chingwe chomangidwa kuchoka pakhomo kukafika kuchimbudzi chimagwira ntchito yaikulu. Zonsezi mmisiri wa m'mudzi akhoza kupanga atangouzidwa. Chosowa ndi womuuza, ndi womukaniza malipiro akapanda kutero.

Maiko ena anayesa kuika manambala. Ku America, malamulo a unduna wa za nyumba a 1988 amati pa nyumba zatsopano zogona mabanja ambiri zomangidwa ndi thandizo la boma, zisanu pa 100 zilizonse zikhale zoyenera anthu ovutika kuyenda, ndipo ziwiri pa 100 zikhale zoyenera osaona ndi osamva. Mu 2023 undunawo unapempha maganizo a anthu pofuna kukonzanso malamulowo, poona kuti papita zaka zoposa 30 ndipo zambiri zinasintha. Ku South Africa, komwe abale athu ambiri a kuno ku Nkhata Bay amakagwira ntchito, nyumba za RDP zimakhala za masikweya mita 40, koma ya munthu woyendera njinga imakhala 45, ndipo pali ndalama yoonjezera yokonzera zinthu monga zogwirira ndi njira yolowera. Ku London, pulani ya mzindawu imafuna kuti nyumba khumi pa 100 zatsopano zikhale za oyendera njinga, zotsalazo zikhale zosavuta kusintha mwini wake akadzafooka.

Pa zitatuzi, ine ndimakopeka ndi ya ku London, osati chifukwa ndi ya Azungu, koma chifukwa imavomereza chinthu chomwe njira ya "zisanu pa 100" imaiwala: ulumali sudikira kuti ukupeze m'nyumba yoyenera. Asibweni sanabadwe chonchi. Mphunzitsi yemwe walowa m'nyumba ya sukulu lero ndi miyendo iwiri akhoza kuchita ngozi ya kabaza mawa. Wapolisi akhoza kubereka mwana wosayenda. Agogo amakalamba m'nyumba momwemo. Ndiponso munthu waulumali samangokhala kwawo, amapita kukaona odwala, kumaliro, kuchinkhoswe. Mukampatsa nyumba imodzi yolowa bwino pakati pa nyumba makumi asanu zamasitepe, mwamumangira ndende yaikulupo pang'ono. Choncho maganizo anga ndi oti nyumba iliyonse ya ndalama za boma ikhale ndi zinthu zitatu zija zosakambirana, khomo lopanda sitepe, zitseko zotambalala ndi chimbudzi chofikirika, ndipo pamwamba pake pakhale ndalama yapadera yokonzera nyumba ya munthu amene ulumali wake ukudziwika kale, monga amachitira ku South Africa.

Ndikudziwa chomwe mnzanga wina wophunzira za chuma angayankhe, chifukwa anandiyankha kale tili pamzere wa chakudya. Dziko losauka ngati lino, lomwe anthu ambiri akugonabe m'nyumba zofolera udzu, lingayambe bwanji kudandaula za kukula kwa khomo? Si bwino kumanga nyumba khumi wamba kusiyana ndi zisanu ndi zinayi zapamwamba? Funsoli si lopusa. Lipoti la 2011 la World Health Organization ndi World Bank linati pomanga chinthu chatsopano, kutsatira miyezo ya kufikirika kumaonjezera pafupifupi 1 pa 100 pa mtengo wonse. Ndivomereze kuti paphiri ngati pathu pano zikhoza kuposa pamenepo, maka ngati pakufunika kugumula chitunda kapena kumanga khoma lotchinga dothi. Koma felemu ya masentimita 90 sisiyana kwenikweni mtengo ndi yopapatiza, ndipo kusankha mbali yoika khomo n'kwaulere. Chodula ndi kugumula pambuyo. Chodula kwambiri, chomwe sichilowa m'bajeti ya unduna uliwonse, ndi mtsikana uja amachedwa kusukulu tsiku lililonse chifukwa chotaya ndowa ndi kudikira anyamata odzanyamula agogo ake.

Mnzanga yemweyo anatinso anthu aulumali ambiri kumudzi alibe n'komwe njinga, ndiye khomo lotambalala ndi la chiyani. Zoona, ambiri alibe. Koma china chomwe mabanja sailimbikira njingayo n'chakuti ngakhale itabwera ilibe poyenda, imangokhala pakona n'kumayanikidwapo zovala. Komanso khomo lopanda sitepe limathandiza woyenda ndi ndodo, wokwawa, mayi woyembekezera, ngakhale anthu onyamula wodwala pamachira.

Pa nyumba za anthu achialubino ndikhalepo pang'ono, chifukwa nkhaniyi kwathu kuno ndi bala. Usiku wa pa 31 Disembala 2018, bambo wina wachialubino anaphedwa mwankhanza m'nyumba mwake ku Kande, mwana wake wamng'ono akuona. Choncho boma likamanga nyumba zolimba zoteteza abale athuwa, palibe wa ku Nkhata Bay angatsutse. Koma chitseko cholimba chimateteza munthu akakhala mkati. Ngati chimbudzi chili kutali kuseri kwa chinangwa, ndiye kuti usiku uliwonse ayenera kusankha pakati pa kutsegula chitsekocho ndi kugwiritsa ntchito ndowa. Achialubino ambiri saonanso bwino ndipo dzuwa limawononga khungu lawo, motero nyumba yawo imafuna khonde lalikulu lamthunzi logwirirapo ntchito masana, kuwala kokwanira mkati, ndi m'mphepete mwa sitepe iliyonse mopakidwa utoto wooneka. Apa n'zoonekeratu kuti pulani imodzi singakwanire onse. Chosowa cha wachialubino si cha wosamva, ndipo cha wosamva si cha asibweni. Njira yokhayo yodziwira ndi kumufunsa mwini wake maziko asanakumbidwe, ndipo kufunsako kulembedwe m'ndondomeko, asayine kapena adinde chala pa pulani. Mabungwe monga APAM ndi Malawi Union of the Blind ali ndi anthu m'maboma omwe angathandize pa zimenezi.

Chinthu chomwe chimaiwalika kwambiri ndi malo. Nyumba ya thandizo nthawi zambiri imamangidwa pomwe banja kapena amfumu aloza, ndipo tinene zoona, munthu waulumali sapatsidwa malo abwino. Amalozeredwa kumapeto, kumtunda kwenikweni kapena kutsidya kwa khwawa, komwe ena akana. Mukamanga nyumba yabwino chotani pamalo pomwe ngakhale njinga yamoto sifika, mwiniwakeyo sadzafika kumsika, kutchalitchi kapena kusikelo. Nakonso kumunsi kwenikweni si yankho, tonse tinaona momwe nyanja inakwerera mu 2024 n'kulowa m'nyumba za m'mphepete. Ndondomeko inene kuti boma lisanatulutse thumba la simenti, wina wa kukhonsolo ayende wapansi kuchoka pamsewu kukafika pamalopo ali limodzi ndi mwini nyumba, ndipo ngati njirayo siyendeka, akambirane ndi amfumu za malo ena kapena ndalama yokonzera njira ilowe m'mtengo wa nyumbayo. M'tauni ngati yathu, pomwe malo a chidikha ndi ochepa, khonsolo ikamagawa mapuloti izisungako ena apafupi ndi msewu kaamba ka anthu otere. Wina adzati n'kukondera. Inde, n'kukondera, monga momwe timakonderera wodwala pompatsa mpando wakutsogolo m'minibasi ya ku Mzuzu.

Nanga wolondoloza ndani? MACODA ili ndi udindo woona kuti lamulo likutsatidwa, koma singafike pa nyumba iliyonse ya ku Usisya kapena ku Chikwina. Mphamvu yeniyeni ili m'manja mwa amene amasayinira kuti kontirakitala alipidwe. Fomu yomwe amachongapo kuti denga lakhomedwa ndi pansi pazilidwa ikhalenso ndi mzere woti mwini nyumba walowa yekha, watuluka yekha, wafika kuchimbudzi yekha, woyendera akuona. Mzerewo ukapanda kuchongedwa, gawo lomaliza la ndalama lisatuluke. Kontirakitala amamva chinenero chimenechi kuposa ndime iliyonse ya pangano la United Nations. Ndipo ife a m'masukulu a ukachenjede tisadzichotse. Anzathu ophunzira zojambula mapulani ndi zomangamanga ku MUBAS, ndi a za malo ku Mzuni, ndi omwe adzajambule nyumba zimenezi zaka zikubwerazi. Achinyamata a m'makoleji a ntchito zamanja ndi omwe adzazimange.

Kwa asibweni tagwirizana pabanja kuti tiboole khoma lakumtunda mvula ikatha. Mmisiri wabwera kale kudzayeza, wati zenera la chipinda chochezera likhoza kusanduka khomo, ndipo ngalande adzaipatutsira kumbali kwa nthochi. Tikusonkherana ya felemu ndi simenti. Za chimbudzi sitinagwirizanebe, chifukwa malo okhawo olingana ndi khomo latsopanolo ali pafupi ndi khitchini ya aneba, ndipo nkhaniyo yapita kwa amfumu.